Nyerere za m'chimbale

Akuluakulu amene ananena kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere sanaonepo kompyuta, koma mwambi wawowu ndi woyenera kuumata pakhomo pa sitolo iliyonse yogulitsa zimbale za DVD zosabena. Zimbale zonse n'zozungulira, zonse zimanyezimira ngati mphumi ya mkwatibwi, pafupifupi zonse zalembedwa 4.7 GB. Bola nkhuyu, chifukwa ukaing'amba nyerere umazionera pomwepo n'kutaya. Nyerere za m'chimbale n'zodekha. Zimadikira mpaka tsiku limene apongozi abwera kudzaonera kanema wa ukwati.

Chimene timati kubenachi ndi kuwotcha kwenikweni. Chimbale cha DVD ndi timapulasitiki tiwiri tomatikizana, kalikonse kokhuthala 0.6 mm, ndipo pakati pake pali utoto wopyapyala umene kuwala kwa laser kumauwotcha timadontho. Kanema yense amakhala m'timadontho timeneti. Utoto ukakhala wachabechabe, kapena sunayalidwe mofanana, vuto limakonda kuonekera m'mphepete. Tsono poti kompyuta imayamba kulemba chapakati kupita kunja, m'mphepetemo ndi mmene mumagona mathero a kanema. N'chifukwa chake ulaliki wa ola lathunthu umaoneka bwinobwino osadumpha ndi liwu limodzi, koma ikangofika nthawi ya perekaniperekani chithunzi chimauma gwa, amalume a mkwati ali chiimire, dzanja lili m'mwamba, ndalama osaiponya. Mbumba yonse n'kumati amalumewo ndi oumira, pomwe wolakwa ndi utoto.

Ena anena kuti mankhwala ake n'kugula dzina lotchuka basi. Pali nzeru ndithu pamenepo, koma dzina la pabokosi ndi khungu chabe la nkhuyu ija. Mafakitale opanga zimbale ndi owerengeka, monga CMC Magnetics ndi Ritek a ku Taiwan, ndipo makampani ambiri amangogula kumeneko n'kudindapo dzina lawo. Taiyo Yuden ya ku Japan, imene akatswiri ankaitama kwambiri, inaleka kupanga zimbale mu 2015, luso lake n'kupita kwa CMC, ndipo mu 2019 CMC yomweyo inagulanso Verbatim. Choncho chimbale chizifunsidwa mfunda ngati mkamwini. Mfundawo umatchedwa Media ID, unalembedwa m'kati mwa chimbalecho, ndipo pulogalamu ngati ImgBurn imauwerenga musanabene. Inde, achinyengo ena amabanso mfunda wa eni ake, monga amachitira anthu ena pamaliro pofuna ndiwo zabwino, komabe kufunsa kumachepetsa misozi.

Za kachizindikiro ka - kapena + ka pakati pa DVD ndi R tisatayepo nthawi. DVD-R inabwera mu 1997 kuchokera kwa Pioneer, DVD+R inatsatira mu 2002 kuchokera ku gulu la Philips ndi Sony, ndipo makina amakono amawerenga zonse ziwiri. Ngati kanemayo akaonetsedwa pa kamakina kokalamba ka kumudzi, DVD-R ndiye sakonda kukanidwa. Musakalimbanenso ndi wogulitsa mukaona kompyuta ikunena 4.38 m'malo mwa 4.7, sanabe kanthu, n'kusiyana kwa kawerengedwe chabe. Koma pa liwiro la 16x lolembedwa pachimbale m'pofunika kudziletsa. Kuthamanga si kufika: chimbale chokayikitsa chimapsa bwino pa 8x, ngati nsima ya moto wapakati.

Chitsutso chachikulu n'chakuti masiku ano wa chimbale ndani, pomwe pali fulashi ndi foni. Funsolo n'lomveka, koma taganizirani moyo wa fulashi pabanja. Imabwerekedwa Lolemba, pofika Lachitatu ukwati wafufutidwa, mwalowa nyimbo za kwaya ndi mafilimu a karate. Foni nayo imagwera m'ndowa kapena imatsala m'minibasi. Chimbale cha DVD-R chili ndi khalidwe limodzi la munthu wamkulu: chikalembedwa sichifufutika, ngakhale mphwanu atachinyengerera chotani. Adani ake ndi dzuwa, kutentha, chinyontho ndi ana okonda kuchiyesa galasi.

Ndiye inu amene mwasunga kanema wa chinkhoswe pakompyuta, benani zimbale ziwiri zamitundu yosiyana, china mukasungitse kwa achemwali anu, zonse zikhale m'zikuto zake kutali ndi zenera. Ndipo wobena musamulipire musanaone amalume aja ataponya ndalamayo.