Mangani Pang'ono, Amisiri

Pa zitsulo zonse zokhala m'makina, sipuling'i ndiyo yosadya za mwini. Mukaipanikiza imafupika, mukaikoka imatalika, koma mukangoisiya imabweza mphamvu imene mwaipatsa nthawi yomweyo. Zinthu zikalakwika, kawirikawiri wolakwa amakhala amene wagwira sipanala. Sabata ino tatolera za anthu amene ankaganiza kuti kumangitsa ndiko kukonza.

Buluku la mkwati

Telala wina wa pakhonde la sitolo analandira nsalu ya buluku la mkwati Lachisanu masana, ukwati uli mawa lake. Ataponda makina mzere woyamba n'kutembenuza nsalu, anapeza kunsi ulusi uli nyankhalala. Mkuluyo sanafune zambiri. Anapotokola kowongolera ulusi wapamwamba mpaka kanakana, n'kutulutsa bobini, kasikulu kake n'kukamanganso mpaka sikuludiraiva inaterereka. Msoko unatuluka wokwinyika pang'ono, koma simbi inabisa zonse.

M'mawa kutchalitchi, abusa atanena kuti akwati agwade, panamveka "pwee!" kuchokera m'chiuno mpaka m'bondo. Akwaya anakweza nyimbo, ankhoswe n'kuvula jekete kuti aphimbe mwana wawo.

Lolemba mkwati anafika pakhonde paja maso ali psu.

"Achimwene, mwandichititsa manyazi pamaso pa apongozi!"

Telala analitembenuza bulukulo kawiri, n'kupukusa mutu. "Pepani bambo, koma ine ndinasokera ukwati woimirira. Zogwadazi simunanene."

Atelala akale amadziwa kuti ulusi wapamwamba umadutsa pakati pa timbale tiwiri topanikizidwa ndi kasipuling'i. Ulusi ukamalendewera kunsi kwa nsalu, ndiye kuti wapamwambawo wakhwepa kapena sunalowe bwino m'timbalemo, bobini ilibe mlandu. Wapamwamba ndi wapansi ayenera kukolana pakati pa nsalu. Mukamangitsa, msoko umasowa potambasukira, ndipo umadikira tsiku limene anthu achuluka.

Gogo pa kabaza

Njinga zamoto zambiri za akabaza zili ndi mashoko awiri kumbuyo, ndipo m'munsi mwa sipuling'i muli mphete ya masitepe, kawirikawiri asanu. Mnyamata wina m'mawa ananyamula matumba awiri a simenti, makilogalamu 100 onse pamodzi, choncho anakweza mphetezo mpaka sitepe yomaliza. Masana anaiwala kubweza, n'kukweza gogo wina wochepa thupi amene ankapita kuchipatala kukatenga mankhwala a BP.

Msewu unali wafumbi, wa mabampu okhaokha. Pa bampu loyamba gogo anakuwa. Pa lachiwiri mpango unatsala pamtengo. Pa lachitatu anasiya kukuwa n'kuyamba kupemphera. Atafika anatsika mwapang'onopang'ono, dzanja lili kumsana.

"Zingati, mwana wanga?"

"Thu sauzande, agogo."

"Tenga. Koma ndikuthokoze. Masiku onse ndimabwera kuno ndi matenda amodzi, lero adokotala ndiwapatsa awiri."

Mphete ija sisintha kulimba kwa chitsulo. Imangoipanikiziratu sipuling'i katundu asanakwere, kuti njinga isakhale pansi ikalemedwa. Pa simenti n'zabwino. Pa gogo wa makilogalamu osakwana theka la simentiyo, sipuling'i imakana kufupika, ndipo ntchito ya shoko amaigwira ndi msana wa wokwera. Mukasintha, sinthani mbali zonse ziwiri mofanana.

Ufa wagawika

Injini za dizilo zoyendetsa zigayo, monga za Lister zimene zinkapangidwa ku Dursley ku England, zili ndi gavana. M'kati mwake muli timiyala tachitsulo timene timatambasuka injini ikathamanga, ndi sipuling'i imene imatikokera m'mbuyo. Kukokanako ndiko kumalamula kuti dizilo alowe wochuluka bwanji. Mukamanga sipuling'iyo, injini imawonjezera liwiro.

Mnyamata wina wogwira ntchito pachigayo anazimva zimenezi kwa makanika. Tsiku limene Maule ankasewera ndi Manoma, mzere wa madengu unali utafika kumsewu, mpira ukuyamba 2 koloko ndi theka. Anasuzumira uku ndi uku, n'kutenga sipanala.

Poyamba zinkaoneka ngati nzeru. Dengu loyamba linatha amayi asanamalize kupatsana moni. Kenako injini inasintha mawu, malata anayamba kuvina, lamba n'kuthothoka kukamenya chitseko. Thumba la ufa linafufuma n'kuphulika. Amayi anatuluka chothamanga, wina atabereka mwana wa mnzake.

Mwini chigayo atafika anapeza munthu woyera mbuu kuyambira kutsitsi mpaka kuphazi, sipanala ili m'manja.

"Iwe, wagwira chiyani?"

"Sindinagwire kanthu, bwana."

Mayi wina analowerera. "Nanga ufa wanga uli kuti?"

"Ulipo mayi, kungoti wagawika. Wina uli kudenga, wina uli m'mutu mwanumo."

N'chifukwa chake pa injini zambiri opanga amamanga kawaya ndi chidindo pasikulu ya liwiro. Mukaona kawayako, dziwani kuti analipo wina amene anafunapo kuonera mpira.

Mmisiri wobisa nzeru

Lamulo la sipuling'i analitulukira ndi Robert Hooke, Mngelezi amene anabadwa mu 1635 ndipo ankayang'anira zoyesayesa za sayansi ku Royal Society mumzinda wa London. Lamulolo n'losavuta: mukapachika katundu wolemera kawiri, sipuling'i imatalika kawiri, bola musapitirire malire ake. Mukapitirira imatalikiratu osabwereranso.

Koma mkuluyu ankaopa kuberedwa. Mu 1676 anasindikiza lamulolo m'buku zilembo zake atazisokoneza dala, kuti likhale lake koma wina asaliwerenge. Anadzamasulira mu 1678. Ndi khalidwe lomwe lija la makanika wa pansi pa mtengo amene ikafika nthawi yosintha kabuleta amatuma wophunzira wake kukagula madzi ozizira.

Kubisako kunamupweteka pa nkhani ya mawotchi. Mu 1675 Christiaan Huygens wa ku Netherlands anaonetsa wotchi ya m'thumba yoyendera kasipuling'i kopyapyala kozungulira. Hooke anapsa mtima, n'kumanena kuti iye anaziganiza kalekale, ndipo analoza chala mlembi wa Royal Society, Henry Oldenburg, kuti ndiye anaulula chinsinsi.  Mpaka lero mawotchi opukusa ali ndi kasipuling'i kameneka, ndi kamuvi kosinthira: mukafupikitsa kasipuling'iko wotchi imathamanga, mukakatalikitsa imachedwa.

Sikelo ya nkhope ziwiri

Sikelo yopachika, imene mavenda amagulira soya ndi mtedza, ndi sipuling'i chabe yokhala ndi muvi. Ku Britain anayamba kuipanga ndi Richard Salter cha m'ma 1770. Mizere yake imatalikirana mofanana chifukwa cha lamulo la Hooke lomwe lija, ndipo ili ndi kasikulu kobwezera muvi pa ziro.

Venda wina anakakonda kwambiri kasikuluko. Anakapotokola kuti muvi uziyambira kumbuyo kwa ziro, ndipo mlimi aliyense ankasiyapo kena kake osadziwa. Tsiku lina kunabwera mayi wina wochenjera. Asanapachike soya wake anatulutsa paketi ya shuga yosatsegula, yolembedwa 1 kg, n'kuiika m'kathumba ka sikelo. Muvi unaima pa magalamu 700.

"Achimwene, shuga ameneyu ndagula pompano. Winayo wapita kuti?"

Venda anayang'ana kumwamba. "Dzuwali mayi. Wasungunuka."

Koma nkhani inakoma madzulo. Mkulu yemweyo ankagulitsanso nyemba pakhomo pake, ndipo tsikulo anaiwala kubweza kasikulu. Aliyense wogula kilogalamu ankanyamuka ndi basera wosapempha. Mbiri inawanda, mzere unakula. Thumba litatha anawerenga ndalama katatu, n'kuitana mkazi wake.

"Mayi a mwana, m'nyumba muno muli wakuba."

"Alipodi," anatero mayiwo. "Wapachikidwa pamsomali apo."

A bungwe la Malawi Bureau of Standards ndiwo amayesa masikelo a malonda n'kumatapo chizindikiro. Alimi, musanapachike thumba yang'anani ziwiri: chizindikirocho, ndi pamene muvi waima sikelo ili yopanda kanthu.

Galimoto yoperekeza

Mnyamata wina wa m'tauni ankafuna galimoto yake itsike, izioneka ngati za m'mafilimu, komanso izinyamula mofewa. Makanika anamuuza kuti zonse ziwiri n'zotheka pa mtengo umodzi. Anachotsa masipuling'i, n'kudula mipiringidzo iwiri pa iliyonse ndi gulayinda.

Kutsika inatsikadi. Koma kufewa kunathawa, chifukwa sipuling'i ikachepa mipiringidzo imalimba kuposa kale. Mpiringidzo uliwonse umagawanako kupindika, ndiye mukachotsa ina, yotsalayo imakhala yochepa pogawana. Kufewa kwa sipuling'i kumadaliranso kunenepa kwa waya wake: waya wonenepa kawiri amalimba ka 16, kukula kwa mipiringidzo kukakhala komweko. Ena amaiwotcha ndi gasi kuti itsike, ndipo apo ndiye amaipheratu, chifukwa moto umachotsa kukhwima kwa chitsulo.

Loweruka anatenga chibwenzi chake kuti akawongole miyendo kunyanja. Pa hampu yoyamba galimoto inakhula mimba. Mnyamata anapempha kuti mtsikana atsike kaye kuti ipepuke. Pa yachiwiri chimodzimodzi. Pa yachitatu mtsikana anatsika ndi chikwama chake.

"Tandiuzani, galimotoyi tikukwera kapena tikuiperekeza?"

Anakwera minibasi.

Makanika yemweyo ali ndi mbiri ina. Tsiku lina, posowa chopanira masipuling'i, anamanga ya galimoto ndi mawaya n'kumasula nati yapamwamba. Waya mmodzi anaduka. Chitsulo chinadutsa pafupi ndi khutu lake, kulumpha mpanda, n'kukatera pabwalo la nyumba yoyandikana pamene ankaphika nsima ya maliro. Wophunzira wake atatumidwa kukachitenga anabwera chimanjamanja.

"Akuti mupite nokha, madala. Akuti imfa imodzi yawakwanira."

Imene inayenda yokha

Mu 1943, ku Philadelphia ku America, injiniya wina dzina lake Richard James ankayesa masipuling'i oti azigwira zipangizo za m'sitima zankhondo kuti zisamagwedezeke panyanja pakachita mafunde. Imodzi, yofewa kwambiri, anaigunda ili pashelefu. M'malo mongogwa inapinda msana, n'kutsika sitepe ndi sitepe mpaka pansi, n'kuima bwinobwino.

Mmisiri wina akanaitaya kuti njopanda ntchito. Iyeyu anapita nayo kunyumba. Mkazi wake, Betty, anaipatsa dzina loti Slinky, ndipo mu 1945 Richard anakaionetsa m'sitolo ya Gimbels mumzinda womwewo. Zidole 400 zinatha m'mphindi 90, chimodzi pa dola imodzi.

Mu 1960 bamboyo anasiya zonse n'kupita ku Bolivia kukalowa gulu la mpingo, kusiya mkazi, ana asanu ndi mmodzi, ndi kampani ili m'ngongole. Betty anaidzutsa n'kuiyendetsa mpaka 1998. Sipuling'i inayenda, mwini wake nayenso anayenda. Amene anakhala pansi n'kumanga zinthu ndi mayi.

Mawu kwa ogwira sipanala

Ndiye inu amene makina akuvutani sabata ino, musanapotokole kanthu fufuzani kaye ngati vuto lilidi pa sipuling'i. Nthawi zambiri ndi fumbi, ulusi wolowa molakwika, kapena mafuta amene anauma kalekale. Ngati ndi pomwepo, lembani kachizindikiro ndi choko kapena penti pamene sikulu yaima, kuti mudziwe kobwerera. Zungulitsani pang'ono, gawo limodzi mwa magawo anayi, kenako yesani. Telala ayese pakansalu kotsala, wakabaza akhalepo yekha kaye, wachigayo aitane makanika. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, apo ayi simudziwa chimene chachiritsa kapena chimene chapha. Safunsa adadya phula, choncho funsani amene anayamba kale.

Ndipo pomasula sipuling'i yaikulu, pezani chopanira chenicheni, nkhope yanu ikhale kumbali. Mano a munthu wamkulu sameranso.