Chenji Kulibe, Tengani Switi

Ku Chanyanya, kugombe la asodzi kumadzulo kwa tauni ya Kafue, kumayenda ndalama za mitundu iwiri. Ina ndi ya Bank of Zambia. Inayo imakhala m'botolo pa kantemba, yokulungidwa m'kapepala konyezimira, ndipo imadziwa njira yopita kokha.

Gulani sopo, mudikire chenji. Mwini kantemba asuzumira m'kabokosi, apukusa mutu ngati walandira uthenga wa maliro, kenako: "Chenji kulibe, bambo. Tengani maswiti awiri." Mawa mubwere nawo maswiti omwewo kuti mugulire machesi. Akufunsani ngati kunyumba mwasiya kuli bwino.

Amene akupatsidwa maswiti mokakamiza lero ndi omwe aja ankagubuduzika m'fumbi kuwalirira. Ngwee itabwera mu 1968, ili ndi mutu wa Kaunda, mwana wotola imodzi panjira ankasanduka mfumu pompo. Abwenzi ankatulukira ndi kumabango komwe, mpaka amene anakumenya dzulo: "Mnzanga, ndilumeko." Switi imodzi inkaswedwa ndi mwala pakhonde la sitolo, anthu anayi n'kugawana, wachisanu n'kunyambita pepala. Ukakhala wekha unkaiika m'tsaya osatafuna, n'kumaitulutsa kuti uone yatsala bwanji, n'kuibwezera ndi mchenga womwe. Chingamu cha Chappies ndiye sichinkatayidwa. Madzulo unkachimata kunsi kwa mpando, m'mawa n'kupitiriza. Agogo nawo amati zathuzo zinali zachibwana, switi yeniyeni inali ya kobidi la nthawi ya Federation, lobooka pakati lija, limene ankalimanga pachingwe kuopa kutaya.

Mitengo itakwera, makobidi anazimiririka, switi n'kulowa ntchito ya chenji. Mu 2013 boma linadula maziro atatu pa kwacha, makobidi n'kubwerera, tinkati switi ipuma pantchito. Uthengawo ukadali panjira, sunafike pa tuntemba.

Koma kudandaula kwathuku ndi kwapakamwa. Taonani amayi ogula nsomba ochokera ku Lusaka. Kugombe amakangana ndi msodzi mpaka dzuwa kufika pamutu chifukwa cha kansomba kamodzi ka mbasela. Pa kantemba, akamva zoti chenji kulibe, mkangano umakhala umodzi wokha: "Osati yobiriwirayo, ndipatseni yofiira."

Akuluakulu ndiye ali ndi mwambo wawo. Mkulu wa mpingo amalandira maswiti nkhope itakwinyika, n'kunena mokweza kuti onse amve, "Ndikapatsa adzukulu." Asanafike pa mjigo tsaya latupa kale. Mukawapatsa moni amangoyankha ndi dzanja. Mukawaumiriza kuyankhula, akuuzani kuti maswiti a masiku ano ndi utoto wokhawokha, satsekemera ngati a kale, uku akusenda wachiwiri kuti atsimikize.

Nyengo yoletsa kupha nsomba ikafika, kuyambira December mpaka February, ndalama zimasowa ndipo mwini kantemba amaiwala ulemu wa botolo lake. Mwana wopempha switi ya ngongole amauzidwa kuti switi ndi katundu, si ndalama.

Chinsinsi chimaululika tsiku lochapa, amayi akatembenuza matumba a jekete la kutchalitchi n'kupeza timapepala tokhatokha.

"Kodi abambo, adzukulu aja analandira liti?"

"Nyerere, amayi. Nyerere za ku Chanyanya kuno zilibe ulemu."