Mutu Umodzi Susenza Denga, Nanga Mitu Zikwizikwi?

Akuluakulu amene anati mutu umodzi susenza denga ankanena zimene anaziona ndi maso. Denga la nkhokwe limamangidwira pansi, ndi nsungwi ndi luzi, ndipo likatha pamafunika anthu angapo kuti alowe kunsi kwake, alinyamule, akaliveke pamwamba. Chimene akuluakuluwo sanatiuze, mwina posunga ulemu, n'chakuti munthu amene ali kunsi kwa denga saona kumene akupita. Amangoona mapazi a anzake. Komanso anthu satalika mofanana. Wamtali denga limamukanikiza paliwombo, pamene wamfupi amangoyenda nawo m'munsimo, manja ali m'mwamba, nkhope atakwinya ngati akusenza, koma mowa wa pambuyo pake amamwa mofanana ndi aliyense.

Mwambiwu wapeza ganyu kutali ndi kwawo. M'dziko la ndalama za pakompyuta, zimene amati crypto, muli mabungwe otchedwa DAO. Bungwe lotere lilibe bwana, lilibe ofesi, lilibe mlonda pageti. Lili ndi nkhokwe ya chuma yosungidwa pa kaundula wa pakompyuta wotchedwa blockchain, imene munthu aliyense padziko akhoza kusuzumiramo n'kuwerenga zimene zatsala, ndipo khobidi silituluka popanda voti ya eni matokeni, ndalama za pakompyuta za bungwelo. Loyamba kutchuka linabadwa mu 2016 pa blockchain ya Ethereum, ndipo makolo ake sanavutike kulifunira dzina, anangoti The DAO. Anthu anasonkha chuma cha madola pafupifupi 150 miliyoni. Mu June chaka chomwecho wina anapeza kabowo m'pulogalamu yake n'kukokolola pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mkangano wa mmene angabwezere chumacho unang'amba Ethereum pakati, ndipo chibenthu chinacho chilipo mpaka lero, dzina lake Ethereum Classic.

Mbava sizinathe, koma chimene chimautsa mapiri pachigwa kawirikawiri masiku ano si mbava ayi. Ndi phwando.

Pempho lake limabwera litatchena. Kagulu kena kamati: kukubwera msonkhano waukulu mumzinda wakutiwakuti, ndipo bungwe lathu likuyenera kukaonekera. Tikufuna ndalama za tebulo m'holo, chinsalu chokhala ndi chizindikiro chathu, matisheti, masitika, matikiti a ndege, hotela, ndi kachakudya kamadzulo ka akatswiri olemba mapulogalamu, anthu amene bungwe lililonse limawafunsira mbeta. Misonkhanoyo ilipodi ndipo ndi yambiri: ETHDenver ku Colorado chaka ndi chaka, Token2049 ku Singapore ndi ku Dubai, ndiponso Devcon, imene mu 2022 inali ku Bogotá ndipo mu November 2024 inali ku Bangkok. M'mbali mwa msonkhano waukuluwo mumamera timisonkhano mazanamazana, m'mabala ndi pamwamba pa mahotela, moti munthu akhoza kutha sabata yathunthu akudya zaulere osapondako m'holo yaikulu ija. Amene akudya kwa inu lero ndi omwe aja anadya kwa opikisana nanu dzulo, atavala tisheti ya bungwe lachitatu.

Voti ikayandikira, mitu imagawikana. Ena amati bungwe losaoneka ndi lakufa, ndipo tikapanda kupita ife, tebulo lathu atenga anzathu. Enawo ali ndi funso limodzi lokha: chaka chatha tinapereka, tinapezapo chiyani? Yankho limabwera ndi zithunzi. Anthu akumwetulira, atanyamula matambula, kumbuyo kwawo kuli chinsalu chija. Pansi pake palembedwa kuti anthu zikwizikwi anaona chizindikiro chathu, ndipo m'chiwerengero chimenechi muli aliyense amene anadutsa pafupi ndi chinsalucho akupita kuchimbudzi. Wina akafunsa kuti mwa anthu amenewa ndi angati amene anabwera kudzapanga kanthu kwathu kuno, amauzidwa kuti ubale suyezedwa pa sikelo. Zimenezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake mkanganowu sutha. Wopempha sangasonyeze phindu, wokana sangasonyeze kuti phindu palibe, ndipo onse awiri adzakumananso miyezi itatu ikubwerayi ndi mfundo zomwezo.

Kwa a Polkadot, gulu lina la crypto, nkhaniyi inafika pachimake mu 2024. Kuyambira mu 2023 iwo ali ndi dongosolo lotchedwa OpenGov, limene limalola aliyense wokhala ndi ndalama yawo ya DOT kubweretsa pempho ndi kuvota. Lipoti la miyezi 6 yoyamba ya 2024 litatuluka, linaonetsa kuti m'nkhokwe munatuluka chuma cha madola pafupifupi 87 miliyoni, ndipo pafupifupi 37 miliyoni mwa zimenezi zinapita ku zotsatsa ndi zodzionetsera. Lipotilo linawerengetsa kuti akapitiriza kutapa chonchi, zotsalazo zikwanira zaka ziwiri zokha. Ena anayankha kuti musade nkhawa, nkhokweyi imadzidzaza yokha chifukwa DOT watsopano amabadwa tsiku ndi tsiku. Aliyense amene anakhalapo m'dziko limene boma limasindikiza ndalama likasowa pogwira amamva yankho limeneli ndi khutu limodzi.

Mwa zimene anagula panali malo pa galimoto yampikisano. Mu May 2024, Conor Daly analowa mu Indianapolis 500 pa galimoto yapinki yolembedwa Polkadot, eni matokeni atavotera ndalama zokwana madola pafupifupi 2 miliyoni. Anamaliza pa nambala 10, zimene si zamanyazi pa galimoto 33. Koma taganizani. Galimoto zimenezi zimathamanga liwiro loposa makilomita 300 pa ola. Munthu amene angawerenge dzina pa liwiro limenelo, n'kulisunga m'mutu, n'kupita kunyumba kukaphunzira kulemba mapulogalamu a blockchain, ameneyo ngofunika kumulemba ntchito tsiku lomwelo popanda intavyu. Chaka chomwecho dzina la Polkadot linakweranso pa zovala za timu ya Inter Miami, kumene kuli Lionel Messi. Osati jezi ya tsiku la masewero, ayi. Yovala pokonzekera.

Apa m'pamene mwambi wathu umayamba kutsimphina. Kunsi kwa denga lija mutu ndi mutu. Mu DAO sawerenga mitu, amawerenga matokeni. Wokhala ndi matokeni miliyoni ali ndi mitu miliyoni pa khosi limodzi, ndipo anzake amamutcha namgumi. Anthu mazana akhoza kutsutsana sabata ziwiri, kulemba ndime zitalizitali, kujambula magirafu, kunyozana mwaulemu ndiponso mopanda ulemu, kenako usiku womaliza namgumi mmodzi n'kudzuka, kuyasamula, kudina batani, nkhani n'kuthera pomwepo. Kwa a Polkadot kulinso makwerero ena: ukalola kuti ndalama zako zitsekeredwe nthawi yaitali, voti yako imachulukitsidwa mpaka ka 6. Choncho mutu umodzi susenzadi denga, koma umatha kuliuza kolowera.

A Arbitrum, gulu linanso la crypto, anaonjezapo luso lina. Mu March 2023 anagawira anthu matokeni a ARB n'kulengeza kuti tsopano ulamuliro uli m'manja mwa gulu. Pempho loyamba lenilenilo linali ndi mfundo yoti matokeni 750 miliyoni, a mtengo wa pafupifupi madola 1 biliyoni, apite ku Arbitrum Foundation. Anthu atayamba kuvota kuti ayi, anauzidwa kuti votiyo inali yongodalitsa zimene zinachitika kale, ndipo ena mwa matokeniwo anali atagwira kale ntchito. Denga linali litavekedwa usiku, anthu anangoitanidwa m'mawa kuti adzakweze manja pojambulitsa. Phokoso linakula mpaka akuluakuluwo anabwerera m'mbuyo n'kuliduladula pempholo kuti livoteredwenso.

Ndiye pali amfupi aja. Eni matokeni ambiri savota n'komwe. Anagula kuti mtengo ukakwera adzagulitse, ndipo zowerenga mapempho a masamba khumi sizinali m'pangano. Ena amapereka voti yawo kwa nthumwi. Nthumwizi ndi anthu akhama, zimawerengadi, zimafunsadi mafunso. Koma nthumwi zomwezi n'zimene umakazipeza ku Denver ndi ku Bangkok, mbale ili m'manja. Sindikunena kuti ndi mbava, ambiri mwa iwo ndi anthu oongoka. Ndikungoti ukafunsa munthu amene khadi lomuitana lili kale m'thumba ngati phwandolo n'lofunika, yankho lake ukhoza kulilemberatu iye asanatsegule pakamwa.

Chodabwitsa n'chakuti kaphwando ka ndalama zochepa kamadya malovu ochuluka kuposa pempho la mamiliyoni. Mngelezi wina, C. Northcote Parkinson, anaziona kale zimenezi mu 1957. Anafotokoza za komiti yongopeka imene inavomereza ndalama zomangira makina a nyukiliya m'mphindi zochepa chabe, chifukwa panalibe amene ankazimvetsa bwino, koma inakhalitsa pa nkhani ya shedi yoimikamo njinga, ndipo inakhalitsa koposa pa khofi wa pamisonkhano. Mu DAO n'chimodzimodzi. Pempho losintha mmene makina amagwirira ntchito m'kati mwake limadutsa anthu ali duu, aliyense akuopa kufunsa funso lomuyalutsa. Koma wina alembe kuti masokosi okhala ndi chizindikiro agulidwa pa mtengo wakuti, taonani akatswiri akutuluka m'mauna, pakuti aliyense anagulapo sokosi.

Ine ndili mbali ya ofunsa malisiti. Wopempha apatsidwe theka, theka linalo adzalandire akabweretsa maina a ntchito zimene zinabadwa pa chakudya chamadzulo chija, ndipo nthumwi imene ikudziwa kuti ikadya nawo inene poyera isanavote. Koma sindili mbali ya amene amati mitu yachuluka, tibwerere kwa bwana mmodzi wodziwa zinthu. Tinamuona bwana ameneyo. Mu 2021 kampani ya FTX, imene inali ndi mutu umodzi wotchuka wa tsitsi lanyankhalala, Sam Bankman-Fried, inalonjeza madola 135 miliyoni kuti bwalo la timu ya Miami Heat lizitchedwa FTX Arena kwa zaka 19. Palibe kasitomala amene anavota. Panalibe sabata ziwiri za magirafu, panalibe wofunsa mtengo wa sokosi. Mu November 2022 kampaniyo inagwa ndalama za makasitomala zitasowa, ndipo mu March 2024 mwini wake anagamulidwa kukakhala kundende zaka 25. Chaka chomwe chija cha 2021, Crypto.com inagula dzina la bwalo la Staples Center ku Los Angeles pa mtengo umene unamveka kuti ndi madola 700 miliyoni kwa zaka 20. Pambali pa zimenezi, galimoto yapinki ija ndi chenji. A Polkadot tikuwaseka chifukwa nkhokwe yawo ndi yoonekera m'kati. Makampani amamwaza zoposa pamenepo, kungoti amasekera m'chipinda chotseka.

Mabungwe ena atatopa ndi kukangana pa phwando lililonse anaganiza zopatula thumba la misonkhano, n'kulipereka kwa kagulu ka anthu ochepa osunga makiyi. Zinthu zimayenda msanga ndithu. Kungoti kagulu kameneka kamafuna malipiro, kamafuna wapampando, ndipo posakhalitsa kamaona kuti n'kofunika kukumana maso ndi maso, makamaka mumzinda umene uli m'mphepete mwa nyanja. Bungwe limene linabadwa pothawa mabwana limapezeka labereka bwana wakewake, ndipo lamuvotera lokha.

Amene anafika nayo patali nkhaniyi ndi a Nouns DAO. Kuyambira mu August 2021, iwo ankagulitsa pa okushoni kachithunzi kamodzi ka pakompyuta tsiku lililonse, kamutu ka chinthu chilichonse kovala magalasi a makona anayi, ndipo ndalama zake zinkagwera m'nkhokwe. Kachithunzi kamodzi, voti imodzi. Cholinga chawo sachita nacho manyazi: kufalitsa magalasiwo padziko lonse. Magalasiwo anaonekera mu malonda a mowa wa Bud Light pa Super Bowl ya 2022, ndipo mu January 2023 anakwera chigalimoto chokutidwa ndi maluwa pa Rose Parade ku Pasadena. Ena mwa eni ake anayamba kuwerengetsa pa zala. Chuma cha m'nkhokwe, ukachigawa pa kachithunzi kalikonse, chinkaposa mtengo wa kachithunziko pamsika, ndipo panapezeka ochenjera amene anagula tizithunzi dala chifukwa cha masamu amenewa. Mu September 2023, pogwiritsa ntchito lamulo latsopano lolola osakhutira kuchoka ndi gawo lawo, tizithunzi toposa theka tinatuluka, titanyamula chuma cha madola pafupifupi 27 miliyoni. Mwambi sunakonzekere zimenezi, zoti theka la osenza n'kutuluka kunsi kwa denga aliyense atasolola mtolo wake wa udzu.

Pa zinthu zimene anthu ankaloza chala kuti apa ndiye anamwaza, panali chule. A Nouns anapereka madola pafupifupi 90,000 ku ntchito yoteteza nkhalango, ndipo mtundu wina wa chule umene unali utangodziwika kumene ku Ecuador unapatsidwa dzina loti Hyalinobatrachium nouns mu 2022. Ndi kachule kakang'ono kobiriwira, kakhungu ka pamimba koonekera m'kati moti umatha kuona mtima ukugunda. Anthu anaseka, ndipo n'zoseketsadi. Koma tiyeni tiwerengetse monga ofunsa malisiti. Dzina la FTX pabwalo lija silinakwanitse zaka ziwiri. Galimoto yapinki inazungulira maulendo 200 pa tsiku la mpikisano, n'kukaimikidwa. Matisheti a ku Bogotá ena pano ndi zikolopa. Dzina la sayansi likalembedwa motsatira malamulo silitha ndi kontirakiti, silidikira voti ya chaka chamawa, ndipo mpaka lero chule uja sanatumizepo pempho la tikiti ya ndege.