Hita Yathu Ikutenthetsa Bwino

Juni wa ku Highfield salemekeza bulangete. Poti magetsi masiku ano amabwera usiku anthu atagona ngati mkamwini wamanyazi, ndinagula hita ya gasi, n'kukadzadzitsa silinda ku Machipisa.

Kunyumba ndinatsegula regyuleta, n'kudina batani. Inangoti tcha! tcha! koma moto ayi. Anabwera achimwene oyandikana nafe, amene agogo awo anachokera ku Dedza. "Achimwene, gwirani batanilo masekondi 30 kuti kachitsulo ka pa kamotoko katenthe, apo ayi hita imatseka gasi yokha." Tinagwira mpaka chala chinachita dzanzi. Amalume anapaka thovu la sopo papaipi kufuna pamene gasi akutulukira, ndipo anapeza kuti sopo wathu ndi wabwino. Apongozi ananyamula silinda, kuigwedeza pafupi ndi khutu, n'kulengeza kuti muli makilogalamu 9 a pamsika, amene amasiyana pang'ono ndi a kusukulu.

Kenako mwana wa Fomu 2 anatiwerengera kabuku ka hitayo. Akuti hitayi imadzizimitsa mpweya wabwino ukachepa m'nyumba, choncho wofuna kumva kutentha ayambe watsegula zenera. Ine wosaphunzirane sindingatsutsane ndi anthu opanga mahita.

Pofika 9 koloko m'chipinda munali akatswiri 14, onse ali thukuta kamukamu ndi mkangano, ena atavula majuzi. Hitayo sinayake mpaka lero. Onse avomereza kuti chipinda chofunda chotere sanachionepo ku Highfield, ndipo atatu akukagula yawo mawa.