Dzina Lobwereka kwa Mlamu: Kafukufuku wa Munthu Wamba M'manja mwa Apolisi ndi Maloya

Chiphaso cha unzika, chomwe bungwe la National Registration Bureau lidayamba kupereka kwa Amalawi a zaka 16 kupita m'tsogolo pa kalembera wamkulu wa mu 2017, ndi kakhadi kokwana m'thumba la malaya, koma udindo wake udaposa wa nyakwawa, pakuti ndi iko kamene masiku ano kamauza banki, kampani ya foni ndi wogulitsa feteleza kuti munthu waima patsogolo pawoyo ndi yemweyo amene mayi ake adabala. Kale ntchito imeneyi inkagwiridwa ndi kalata ya amfumu, kapena ndi wachikulire wina wonena kuti mwanayu ndi wa kwa auje, ndipo nkhani inkathera pomwepo. Anthu oposa 9 miliyoni adalembetsa chaka chimenecho, ndipo pakati pawo padali mlembi wa nkhani ino, bambo wadazi wolima ekala imodzi ndi theka, amene atengedwe pano ngati chitsanzo cha zimene munthu wamba amachita akagwa m'manja mwa apolisi ndi maloya, pa chifukwa chokhacho chakuti wofufuza wosauka amayesera mankhwala pa khoswe wa m'nyumba mwake.

Buku la malamulo a zilango lotchedwa Penal Code, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 1930 dziko lino likadali Nyasaland, limagawa chinyengo cha ziphaso m'milandu ingapo imene munthu wamba amaiona ngati umodzi. Pali kupeka chikalata, ndiko kukonza pepala labodza ndi cholinga chonamiza kapena kubera wina, ndipo gawo 356 limaika zaka zitatu za kundende ngati chilango chachizolowezi, ngakhale zikalata zina zaboma zili ndi chilango choposa apo. Pali kupereka chikalata chabodza, mlandu wa pa gawo 360, umene umagwera munthu wotulutsa pepalalo m'thumba n'kulionetsa akudziwa kuti ndi lachinyengo, ndipo chilango chake chimafanana ndi cha wopekayo, moti kunena kuti “sindinalembe ndine” kumangosangalatsa wonenayo. Palinso kudzisandutsa munthu wina, kwa pa gawo 389, kutanthauza kudzitcha dzina la munthu wamoyo kapena wakufa pofuna kupeza phindu mwachinyengo. Akamberembere enieni amasankhapo umodzi malinga ndi luso lawo. Mlembiyu, amene ku sukulu sadakhalepo woyamba pa chilichonse, adakwanitsa kukhudza yonse itatu dzuwa lisanafike paliwombo.

Zidayamba ndi ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP, imene idakhazikitsidwa mu 2020, pamene thumba la feteleza la makilogalamu 50 linkagulidwa pa K4,495 ndi mlimi amene dzina lake lili pa mndandanda, ndipo chiphaso cha unzika chidalowa m'malo mwa makuponi akale. Dzina la mlembiyu silidali pa mndandandawo, koma la mlamu wake lidalipo, pamene mwini dzinayo adali ku Joni akutsuka magalimoto, atasiya chiphaso chake m'sutikesi ya mlongo wake. Vuto lidali limodzi lokha, lakuti mlamuyo ali ndi tsitsi la mzindo ndi nkhope yowulungika, pomwe mlembiyu mutu wake umaoneka patali ngati dzungu lotsala m'munda, choncho mnyamata wina wa kuseri kwa msika, amene amadinda makadi aukwati ndi mapologalamu a maliro, adapatsidwa ntchito yoyanjanitsa dzina la wina ndi nkhope ya wina pa kakhadi katsopano konyezimira. Malamulo amamutenga wotuma ngati wochita, mfundo imene mlembiyu adadzaiphunzira pambuyo pake pa mtengo wokwera.

Chinyengocho chikadatha kugwidwa ndi foni imene ogulitsa ankajambulira ziphaso, popeza khadi lenileni lili ndi chidindo cha timabokosi kuseri kwake chimene makina amawerenga, koma sayansi sidafunike n'komwe. Kalaliki adaitana dzina la pakhadipo katatu, ndipo mlembiyu adaima pamzere akucheuka pamodzi ndi anzake, mpaka kudandaula mokweza kuti anthu ena amachedwetsa anzawo. Atafunsidwa tsiku lake lobadwa adatchula lake lenileni, ndipo atauzidwa kuti khadi likunena zina adayankha kuti mwina mayi ake adasokoneza, ndipo posakhalitsa adapezeka m'manja mwa apolisi.

Apa ndi pamene nkhaniyi iyenera kuchedwerapo, chifukwa gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino, a mu 1994, limapatsa munthu womangidwa mphatso zingapo zaulere, zomwe ndi kuuzidwa chifukwa chomumangira m'chilankhulo chimene amamva, kuonana ndi loya, komanso ufulu wokhala chete pamodzi ndi chenjezo lakuti zimene anene zitha kudzakhala umboni. Wapolisi amene adamulandira pa siteshoni ina, Lachisanu masana, adamufotokozera zonsezi modekha asanatsegule tsamba la sitetimenti, ndiko kuti mawu amene woganiziridwa amapereka atachenjezedwa, n'kusainira pansi pake. Munthu wozindikira akadangotchula dzina lake ndi mudzi wake, n'kupempha kuti zina zonse zidikire. Koma Mmalawi adaleredwa kuti wamkulu akafunsa sayankhidwa ndi kukhala duu, ndipo mlembiyu, poopa kuoneka wamwano pamaso pa yunifolomu, adaona ufulu wokhala chetewo ngati nsima imene mlendo waulemu amayenera kuyamba waikana.

Wapolisiyo adangoti, “Madala, tiuzeni zomwe zachitika,” ndipo madalawo adayambira pa chibwenzi chawo ndi mlongo wa mlamuyo, nadutsa pa mvula yochedwa, pa mbozi za m'chimanga, pa mtengo wa feteleza kwa mavenda, mpaka kufika pa shopu ya mnyamata wodinda makadi, imene adajambula ndi mapu ake kuseri kwa pepala kuti abwana asavutike poifuna. Sitetimentiyo idakwana masamba anayi, ndipo pamene wapolisiyo adati zakwana, woganiziridwayo adakumbukira kuti wasiya kutchula ndalama zimene adalipira, napempha kuti ziwonjezeredwe pansi. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, koma sadaganizepo za munthu wosiya mlomo wake atausainira.

Chitokosi, kachipinda kosungiramo oganiziridwa, chimalowedwa munthu atavula lamba ndi nsapato, ndipo kwa bambo wa thalauza lobwereka ku ukwati wa mphwake izi zikutanthauza kuti dzanja limodzi limakhala pa ntchito usana ndi usiku. Malamulo amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, koma amawonjezera kuti maolawo akathera pa tsiku limene khoti silikhala, munthuyo adikire tsiku loyamba la khoti, moti wogwidwa Lachisanu masana amakhala ndi Loweruka ndi Lamulungu lonse loti aganizire za moyo wake. M'chitokosimo mumapezeka maloya ambiri kuposa m'tauni, pakuti aliyense wogona pasimentipo amadziwa gawo la malamulo limene likamasule mnzake, kupatula limene likamasule iye. Wakuba nkhuku wina, amene ankalowamo kachitatu, adalangiza mlembiyu kuti akakane zonse, ndipo atamva za masamba anayi aja adangopukusa mutu n'kumugawira chinangwa.

Belo, kumene ndi kutulutsidwa podikira mlandu munthu atalonjeza kudzabwera pa tsiku loikidwa, ya kupolisi imaperekedwa mwaulere, ndipo chimene chimafunika ndi abale odalirika omuimira komanso chitsimikizo chakuti munthuyo ali ndi kwawo kodziwika. Pa mlandu wa chiphaso chabodza mfundo yomalizayi imakhala ndi minga, chifukwa mkulu wa pa siteshoniyo adafunsa funso lomveka, lakuti pa mayina awiri amene alembedwa m'buku, abalewo adzaimira uti. Mlembiyu, potsatira nzeru za m'minibasi, adanong'oneza kuti pangathe kupezeka ya fanta, ndipo adauzidwa mosapsatira kuti pali lamulo lina lotchedwa Corrupt Practices Act, la mu 1995, limene lingamuwonjezere mlandu wachinayi ngati atatu aja akuona kuti akumuchepera. Belo idadzaperekedwa ndi khoti Lolemba, mkazi wake ndi mkulu wa mpingo ataimirira kutsimikiza kuti wadaziyo ndi wawo, ngakhale mkaziyo adatenga kanthawi asanayankhe.

Munthu wosowa ndalama za loya sadatayidwe ndi malamulo. Pali Legal Aid Bureau, nthambi imene idayamba kugwira ntchito payokha mu 2015 kuti iziimira anthu ochepekedwa, ndipo palinso alangizi a zamalamulo a PASI, amene kuyambira mu 2000 amayendera ndende, makhoti ndi mapolisi kufotokozera omangidwa za belo ndi za kayendedwe ka milandu popanda kulipiritsa. Kuti munthu athandizidwe ndi loya wa boma amayenera kufotokoza chuma chake, kuti zioneke ngati ali wosowadi. Mlembiyu, yemwe masiku ochepa m'mbuyomo adapeka chiphaso kuti agule feteleza wa anthu osauka, adakana kwamtuwagalu kulemba papepala kuti ndi wosauka, ponena kuti anthu a kumpingo angamve. Akatswiri a khalidwe la munthu sadapezebe dzina la matenda amenewa, ngakhale odwala ake ndi ambiri ndipo amavala jekete.

Adagulitsa mbuzi zitatu, kuphatikizapo yabere, n'kukwera masitepe a ofesi ya loya wina m'tauni, kumene adaphunzira kuti pali ndalama yongoonerana, ndalama yotsegulira failo, ndi ndalama ya tsiku lililonse loonekera kukhoti, ngakhale tsikulo lithere pa kulengeza kuti mlandu wasunthidwa. Loyayo, mnyamata wamsinkhu wa mwana wake woyamba, adawerenga masamba anayi aja kawiri, nayang'ana mapu a kuseri, navula magalasi, n'kufunsa kuti, “Bambo, kodi anakumenyani kuti munene zonsezi?” Atamva kuti sadakhudzidwe ndi chala chomwe, ndiponso kuti adapatsidwa mpando ndi madzi akumwa, adausa moyo ngati dokotala amene wabweretseredwa wodwala atamwa kale mankhwala onse a kwa sing'anga. Malangizo ake oyamba adali akuti kuyambira tsiku limenelo kasitomalayo asalankhulenso za mlanduwo kwa wina aliyense, malangizo amene mkazi wa mlembiyu wakhala akupereka kwa zaka makumi awiri pa nkhani zonse popanda kulandira ngakhale mwana wa mbuzi.

Chilungamo chifuna kuti zinenedwe kuti loyayo adagwira ntchito yake. Adafotokoza kuti kukana mlandu umene munthu adauvomera ndi mapu omwe n'kutaya nthawi ya khoti, pamene kuvomera msanga makhoti amakuwerengera ngati chizindikiro cha kulapa ndipo amachepetsa nako chilango. Adatchulanso gawo 340 la Criminal Procedure and Evidence Code, buku la kayendetsedwe ka milandu ndi umboni, limene limauza khoti kuti wolakwa koyamba asathamangitsidwire kundende ngati pali njira ina yoyenera yomulangira. Adakambirana ndi woimira boma pa milandu kuti ena mwa milanduyo achotsedwe, popeza feteleza sadatuluke ngakhale thumba limodzi, ndipo adaphunzitsa kasitomala wake kuti pamaso pa majisitireti adzanene mawu amodzi okha, akuti “ndikuvomera,” n'kukhala pansi. Maphunzirowo adatenga masana onse, chifukwa wophunzirayo nthawi iliyonse ankawonjezera kuti “koma.”

Pa tsiku la mlandu, kalaliki wa khoti ataitana dzina lake lenileni, mlembiyu adadzuka mwa changu chimene chidagwetsa benchi, pofuna kuonetsa kuti ulendo uno dzinalo akulidziwa. Khadi lonyezimira lija lidaperekedwa ngati umboni, ndipo majisitireti adaliyang'ana nthawi yaitali, nayang'ana woimbidwa mlanduyo, n'kulemba kanthu kena kamene mpaka lero sikadziwika. Kenako idafika nthawi yodandaula, pamene wolakwa amapempha khoti kuti limumvere chisoni potchula zomuvuta, ndipo loyayo adafotokoza momveka bwino kuti kasitomala wake ndi munthu wosauka, wosazindikira kwenikweni, wa munda wowonda, amene adachita zinthu mopanda nzeru koma mopanda nkhanza. Zonse zimene mlembiyu adakana kulemba mwaulere papepala la boma zidalengezedwa m'khoti lodzaza, mkulu wa mpingo ali pa benchi yachiwiri, ndipo wolengezayo adalipidwa mbuzi zitatu.

Khoti lidagamula kuti m'malo mokaseweza jere akagwire ntchito yothandiza anthu popanda malipiro, chilango chimene munthu amachitira kwawo, akugona m'nyumba mwake, ndipo adapatsidwa tsache ndi bwalo la ofesi ina ya m'dera lake kuti azisesa m'mawa uliwonse, n'kusaina m'buku. Munda chaka chimenecho udabereka zitsononkho, ndipo mlamu atabwera ku Joni pa Khirisimasi yotsatira adafuna kudziwa chifukwa chimene anthu a m'mudzi ankamufunsa ngati watuluka liti. Masamba a mango amene ankasesedwa pabwalopo ankaunjikidwa pakona, ndipo mlembiyu, ataona kuti akuwola bwino, adapempha woyang'anira kuti azitengako pa njinga akapange manyowa. Woyang'anirayo adavomera, koma adati popeza ndi katundu wa paofesi ayenera kulemba m'buku dzina ndi nambala ya chiphaso cha wotengayo. Mlembiyu adatulutsa chake chenicheni, cha dzina lake ndi dazi lake, ndipo woyang'anirayo atachitembenuza adapeza kuti chidatha mphamvu miyezi iwiri yapitayo.