Kupatsa n'kuika, koma wokatapa ndani?

Bungwe lina litabwera ndi ufa wa anthu amene madzi osefukira anawasiya padzuwa kufupi ndi Senga Bay, agogo ena analandira thumba katatu. Thumba lake lomwelo. Koyamba wojambula anati dzuwa lawomba kamera, kachiwiri abwana anaphethira. Makolo sananame, kupatsa n'kuika. Kungoti woika wa masiku ano amafuna risiti.

Koma mwini wake wa marisiti si wa kuno. Ndi Lei Feng, msilikali wa ku China amene anamwalira mu 1962 ali ndi zaka 21, atagweredwa ndi mzati umene galimoto inagunda pobwerera m'mbuyo. Pa 5 Malichi 1963 nyuzipepala zinatulutsa mawu a mtsogoleri wa dzikolo, Mao Zedong, ouza dziko lonse kuti liphunzire kwa iye. Mpaka lero tsikuli likafika, ana asukulu amasesa m'misewu, ometa amameta nkhalamba ulere.

Akuti mnyamatayu ankachita zabwino mobisa: kuchapira anzake, kusoka masokosi ake m'malo mogula ena, kutumiza kandalama kake kwa anthu osefukiridwa madzi. Mobisa ndithu, koma zithunzi zilipo mbwee, zowala bwino. Pa chithunzi china akuwerenga buku la Mao usiku ndi tochi. Wojambulayo anagona pansi pa bedi kodi? Nanga ankadziwa bwanji kuti lero sokosi yabooka? Zimene ankalemba m'buku lake lachinsinsi nazonso boma linasindikiza, dziko lonse n'kuwerenga.

Mnyamatayo anaika, mwina ndi mtima woona, sindimunyoza. Koma okatapa ndi achipani cholamula, zaka zoposa 60 tsopano akudya chiwongoladzanja. Eni ake ku China amaseka kuti Lei Feng amabwera mu Malichi n'kuchoka mu Epulo. Ife tisaseke kwambiri. Amene anakula nthawi ya Kamuzu amakumbukira Youth Week: ana kuumba njerwa ndi kulambula misewu, mayamiko onse n'kupita kwa Ngwazi.

Atati akhazikitse komiti yosankha Lei Feng wa ku Salima, ine wanga ndili naye kale. Ndi mlovi uja amene mwera ukavuta mu Juni, mfuu ikamveka kuti bwato lagubuduka kuseri kwa chilumba cha Namalenje, amakankha boti osafunsa kuti womirayo ndi wa mpingo uti kapena wa chipani chiti. Ana a anthu ambiri ali ndi abambo lero chifukwa cha anthu otere, ndipo maina awo sali pa chikwangwani chilichonse.

Komiti ingamukane. Chithunzi alibe, foni ikananyowa. Amanunkha usipa, madzulo amalawako kachasu. Choipitsitsa, akamuvuula munthu amamulalatira njira yonse mpaka kumtunda: "Iwe, mwera wonsewu sumauona?" Akafika pamchenga n'kumuuza kuti abweze petulo.