Shuga wa Mbalame ku Lufita

Mphunzitsi wina wa ku Lufita adaona pa Facebook timbalame toyamwa maluwa tili m'malere, tina tikuuluka chafutambuyo. Adalumbira kuti timeneti tidzatera pakhomo pake. Mlamu wake adamuuza kuti mitundu yake yonse, yoposa 300, imapezeka ku America kokha.

"Tidikira, alamu," adatero mkuluyo. "Phula wochokera ku Karonga uja adachedwa, koma si uyu adafika?"

Wathu kuno ndi choso, wa mlomo wautali wokhota. Iye satha mphamvu pachabe: amatera kaye pa nthambi, kenako n'kumamwa. Wamwamuna amawala ngati akupita ku ukwati, pomwe wamkazi ndi wotuwa. Amayi a kunyumba atamva zimenezi adati sakudabwa, ndalama ya zovala imathera komweko.

Aphunzitsi adafunsira kasakanizidwe ka madzi okopera mbalamezi: supuni imodzi ya shuga, zinayi za madzi, osathira uchi, ndipo madziwo azisinthidwa asanasase. Mmawa mwake adalandira tiyi wopanda kanthu.

"Shuga watha kodi?"

"Alipo, bambo, koma mwapatsa alendo anu. Kamweni nawo pa mtengo."

Botolo la madzi a shugawo adalimangirira kansanza kofiira n'kulipachika pa mtengo wa mango. Tsiku loyamba kudabwera nyerere, lachiwiri njuchi, lachitatu a mpingo kudzafunsa kuti mwayamba liti za asing'anga. Komabe phindu lidaoneka: chaka chimenecho palibe mwana adaba mango.

Agogo ena ochokera ku Misuku adaseka mpaka kutsokomola. Adati kwawo choso sachita kumuitana, amadzaza yekha m'nthochi. Dzala maluwa ofiira onga kachubu, mwanawe, botolo n'lachiyani? Aphunzitsi adadzaladi. Woyamba kufika adali mlendo wa ndevu, wa miyendo inayi, wochokera kwa aneba. Mwini mbuziyo adapepesa n'kufunsanso ngati mbewu yatsala, chifukwa chiweto chake chaikonda.

Choso adabwera ndithu nthochi zitatulutsa maluwa. Aphunzitsi adaitanitsa msonkhano wa banja: legeni yaletsedwa, mankhwala opopera aletsedwa, pakuti mbalameyi imadyanso tizilombo, ndipo chisa chake cholendewera imachimanga ndi ulusi wa kangaude.

Loweruka lotsatira apongozi adafika, maso n'kukhala kudenga kwa khonde.

"Mtsikana iwe, tsache latayika?"

"Ayi agogo, adadi ati tisakhudze. Zimenezo n'zipangizo zomangira."